Mchere wa Pambali

Chinali chaka cha 1951, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, pamene dokotala wa pamgodi ku Joni anandimanga lamba pamkono, napopa, nayang'ana kawotchi kake, nauza kapitawo kuti munthu uyu abwerere kwawo. Ine sanandiuze kanthu. Ndinali nditaima pomwepo, malaya ali m'manja, koma iye analankhula ndi kapitawo monga mmene anthu amakambirana za ng'ombe yothyoka mwendo.

Mwandiitana kuti ndilankhule, ndiye ndilankhula. Mawu anga amatuluka mokoka, mupirire. Dzanja ili likukhala m'thumba si mwano, ndi lakufa. Ndikuona ena mwa inu mwangobwera kumene kuchokera ku Joni ndi ku Halale, makosi onenepa, maso ofiira, ndipo wina kumbuyoko wakhala akudzisisita kunkhongo chiyambire pemphero. Ndikulankhula ndi inuyo.

Ntchito yanga kumgodi inali ya pampu yokoka madzi pansi pa nthaka. Pa paipi panali kawotchi ka muvi. Muvi ukafika pofiira umatsegula mpopi msanga, ukachedwa paipi imaphulika pamalo pofooka. Zimenezi mzungu anandiphunzitsa tsiku loyamba, chifukwa paipi inali yake. Thupi langa nalo linali ndi muvi wake, ndipo dokotala uja anauona uli pofiira, koma sanaone chifukwa chondiuzira. Anandipatsa bulangete ndi tikiti ya sitima. Ndikakumbuka zimenezi mtima umanditentha, ndipo kutentha kumeneko ndi kumene dokotala wina anadzandiletsa.

Ndinafika kwathu, kumtunda cha ku Champiti, ngati munthu wopambana. Khola la malemu bambo anga linali m'manja mwanga. Ndinawonjezamo ng'ombe, ndinagula ngolo. Ana anali atakula, wamkazi atakwatiwa kutali, wamwamuna ali ku Halale. Pakhomo tinatsala awiri, ine Ndau ndi mkazi wanga Nangondo, mwana wa kuchigwa cha ku Kasinje kumene amalima mpunga. Ndinamulowola ndi ng'ombe ndili mnyamata, nkumutengera kwathu monga mwa Chingoni. Nyumba yoyandikana nafe inali ya mlongo wanga wamkulu, Nandau, amene ukwati wake unatha kale nabwerera pa makolo.

Munthu wopanda ntchito koma m'thumba muli kanthu, mukudziwa kumene amapita. Kulikonse kumene kunali mowa, mpando wa patsogolo unali wanga. Masese m'mawa, kachasu masana. Nyama yootcha ndinkaiviika mumchere mpaka iyere. Akapha ng'ombe, mbale yoyamba ya uwende, magazi ophika aja, inkabwera kwa ine. Kenaka mutu unayamba kuwawa kunkhongo, makamaka podzuka, ngati wina wakhomamo msomali. Ndinkapita kwa mkulu wina wolumika, anditeme mphini, aikepo nyanga, akoke magazi. Ndinkaona magazi akudawo m'phale nkumati nthenda yatuluka. Ukali nawo unakula. Ndinkakalipira ng'ombe, agalu, ngakhale mvula. Koma wokalipiridwa kuposa onse anali Nangondo, ndipo mudzi wonse unkamva.

Tsiku lina pamowa chipanda chinangogwa m'dzanja langa. Dzanja linachita dzanzi, lilime linalemera. Anzanga anaseka kuti aNdau aledzera dzuwa lisanafike pamutu. Pofika madzulo zonse zinatha. Nangondo yekha sanaseke. Anandiumiriza mpaka ndinatopa naye, ndipo ndinavomera kupita kuchipatala cha mishoni. Koma anthu tinawauza kuti tikupita ku Manjawira kukagula unyolo wa ngolo.

Dokotala wa kumeneko anandimanga lamba yemwe uja. Kusiyana kwake, iye analankhula, dresala wake, womuthandizira pachipatalapo, akumasulira.

"Bambo, adokotala akuti magazi anu akuthamanga mopitirira. Akuti mu impso za munthu mumachokera kanthu kakang'ono, kosaoneka ndi maso, kamene kamalamula mitsempha kuti ifinyike. Kanthuko ndi kabwino, ndi kamene kamasunga munthu akataya magazi kapena akasowa madzi. Koma mwa inu mitsempha yangokhala chifinyikire, siikumasuka. Mchere nawo ukusunga madzi m'thupi. Ndiye madzi achuluka, njira yachepa."

Ndinati, "Paipi iphulikira pati?"

Dresala anandiyang'ana, nafunsa dokotala. Dokotala anadzigwira pamutu.

"Akuti m'mutu. Chija chinakuchitikirani pamowa linali chenjezo. Mtsempha ukaphulika kapena kutsekeka m'bongo, mbali imene yasowa magazi imafa, ndipo chiwalo chimene mbaliyo inkalamula chimafa nayo. Mankhwala ochiziratu akuti alibe, ali ndi timapilisi tongokhazika mtima pansi. Mankhwala aakulu ndi awa: mchere ayi, chidulo ayi, mowa ayi, kupsa mtima ayi. Mpunga, masamba, zipatso. Mayi, mwamva? Mphika ndi wanu."

"Ndamva," anatero Nangondo.

Inenso ndinamva, ndipo ndinamvetsa kuposa iye, chifukwa za mapaipi ndinkazidziwa. Koma tili m'ngolo pobwerera ndinati, "Zimene wamva kuja zitsale komweko. Ndikadzamva munthu mmodzi akunena kuti Ndau akudya chakudya cha makanda, udzapita kwanu."

"Nanga alamu anga a Nandau ndisawauze?"

"Makamaka ameneyo."

Madzulo ake Nangondo anaphika nyemba zopanda mchere. Ndinakankha mbale ndi phazi. M'mawa mwake mchere unabwerera mumphika, ine nkubwerera kumowa. Timapilisi ndinataya m'chimbudzi.

Sipanapite nthawi. M'mawa wina ndili m'khola, ng'ombe ina inakana goli. Ndinakweza chikwapu, ndikutukwana, ndipo ndinamva ngati chingwe chaduka m'mutu cha kumanzere. Ndinagwera mu ndowe. Anandinyamula amuna anayi ngati thumba la chimanga.

Nditatsitsimuka, mbali yonse ya kumanja sinali yanga. Pakamwa panapotoka, dovu likungotuluka. Ndipo mawu anapita. Apa mumvetsetse, chifukwa ena a inu mudzasamala munthu wotere, ena mudzakhala munthu wotereyo. Ndinkamva chilichonse. Nzeru zinalimo zonse. Mawu ndinkawaona m'mutu ali chiimire, koma njira yopita kukamwa inali itaduka. Ndikayesa, chinkatuluka chinali kubuula ngati kwa ng'ombe. Anthu ankalankhula za ine pamutu panga pomwe, ena akukambirana za amene adzatenge ngolo.

Nangondo anagwira ntchito imene sindingaifotokoze pamaso pa anthu. Ankanditembenuza, kundisambitsa, kundichapira zimene mwana wakhanda amachapiridwa. Anatumiza mawu kwa mlongo wake Filimoni kuchigwa kuti atumize mpunga. Ndipo tsopano, popeza phazi lokankha mbale linali litafa, anachita zimene dokotala ananena. Anasiya kuthira mchere. Anthu odzazonda matenda anali ambiri, ndipo sakanatha kuphika miphika iwiri. Choncho ankaphika mphika umodzi wopanda mchere, mcherewo nkuuika m'kambale pambali kuti aliyense azidzithirira yekha.

Nonse pano mukudziwa tanthauzo la mchere wa pambali. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amauika pambali. Mkazi amene wagona ndi mwamuna wina nayenso amaopa kuthira, chifukwa amati akathira amudula mwamuna wake. Kwa masiku ochepa palibe amafunsa. Koma mwezi unatha, wina nkuyamba, kambale kali pambali.

Nandau anayamba ndi nthabwala.

"Mlamu, kodi mwezi wa kuchigwa ndi wautali chotani? Wathu kuno umatha."

Nangondo anangopitiriza kuphika. Ankakumbukira zimene ndinamuuza m'ngolo. Tsiku lina Nandau anabwera osaseka, naima pakhomo.

"Mkazi wa imvi ngati inu, chimene mukuopa mumchere n'chiyani?"

"Ndi adokotala analetsa, alamu. Mchere ndi umene ukuwapweteka."

"Adokotala ati? Munapitako liti?"

"Tsiku lija tinati tikupita ku Manjawira."

"Ndiye munanama tsiku lija, kapena mukunama lero? Sankhanipo chimodzi."

Ine ndili gone pamphasa, ndikumva zonse.

Nandau anaitana amalume anga, a Yobe, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Anaitananso Filimoni kuchokera kuchigwa. Anakhala pakhonde panga, ine atanditsamiritsa kukhoma ngati mtolo wa nkhuni. Nandau anayala nkhani yake bwinobwino. Mwamuna wakhala zaka ku Joni. Mkazi chaka chilichonse amatsikira kuchigwa, akuti kukathandiza kukolola mpunga, ndipo kumeneko palibe wa ife amamuona. Mwamuna wabwera wamphamvu, wadya za m'manja mwa mkaziyo, wagwa. Tsopano mkazi akuopa kukhudza mchere kuti angamutsirize.

"Kodi pamenepa pakufunika woombeza?" anatero.

Filimoni anati, "Tumizani munthu kuchipatalako akafunse. Si kutali."

Amalume anapukusa mutu. "Nkhani ya mdulo azungu aidziwira kuti? Adzatiuza za m'mabuku mwawo. Ife tikuona ndi maso."

Pamenepo Nangondo anayenda chogwada mpaka pamene ndinali. Anati, "ANdau, auzeni. Inu munalipo."

Amuna anzanga, ndinagwirapo ntchito pansi pa nthaka madzi akufika m'chiuno, koma sindinalimbanepo ndi chinthu ngati mmene ndinalimbanira ndi lilime langa tsiku limenelo. Ndinakoka mpweya, ndinakankha. Chinatuluka ndi kubuula. Ndinamenya mphasa ndi dzanja lamanzere. Ndinatola chikho kuti ndigende Nandau, koma dzanja lamanzere silinazolowere, ndipo chikhocho chinagwera pamiyendo pa Nangondo.

"Mwaona?" anatero Nandau. "Sakufuna n'kumuona komwe."

Palibe anatsutsa. Akanatsutsa bwanji? Onse anali atazolowera kundimva ndikumukalipira. Anangoona Ndau yemwe uja akuchita zimene amachita masiku onse.

Filimoni anaimirira, nkhope itada. "Mlongo wanga ndikumutenga lero. Ng'ombe za lobola mudzazitenge tikakolola. Zikadzatuluka m'khola mwanga, ameneyu si mkazi wanunso, ndipo musadzatchulenso dzina lake."

Nangondo anamanga kamtolo kake. Potuluka anawerama, nandipukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yake, nanena motsitsa, "Za mchere musadye." Anapita.

Ndinatsala m'manja mwa Nandau. Sindinganene kuti ankafuna kundipha. Ankafuna kundichiritsa, ndipo ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Anati thupi lafooka chifukwa cha zakudya zozizira za mkazi uja, ndiye anayamba kundithira msuzi wa nyama wowawa mchere, uwende, ndi masese pang'ono kuti magazi ayende. Woti anditembenuze panalibe. Msana unachita zilonda. Ndinkagona mu mkodzo wanga mpaka wina akumbukire. Anzanga a kumowa anabwera kawiri, kenaka fungo linawathamangitsa. Ine, amene ndinaphunzira mpaka kutha kulemba kalata ya Chingerezi, amene ndinkayambitsa nyimbo pa gule wathu wa ngoma anyamata nkumavomera, nkhuku zinkandijompha zala za kumapazi ndipo sindinkatha kuziingitsa. Ndinadya zonse zimene anandipatsa. Ndinadya dala. Ndinkadziwa chimene mchere uchite, ndipo ndinkafuna paipi iphulike kachiwiri, nkhani ithe.

Ndikuuzeni tsopano za tsiku limene zinatembenuka.

Chimanga chinali chitayamba kuuma m'minda. Anandikokera panja kuti ndiothe dzuwa, nkunditsamiritsa pa nsanamira ya khonde. Amalume ndi Nandau anali chapafupi, akukambirana za ulendo wa kuchigwa. Ankawerengerana ng'ombe, iyi ipite kwa uje, iyi tigulitse. Atatha anamwazikana. Ndinatsala ndekha.

Kutsidya kwa khwawa kunali mowa, ndipo amuna anayamba kuponda ngoma. Ndinamva mapazi akugunda pansi, kenaka nyimbo, imodzi mwa zimene ndinkayambitsa ine. Woyambitsa wa tsiku limenelo ankaikoka molakwika, mochedwa. Zinandinyansa. Phazi langa lamanzere linayamba kugunda pansi lokha, kuwakonzera. Itafika nthawi yovomera, ndinavomera.

Sindinazindikire msanga. Ndinavomera kachiwiri, ndipo ndi pamene ndinamva. Sikunali kubuula. Anali mawu, athunthu, otuluka pakamwa panga popotokapa.

Ndinasiya. Ndinayesa kunena mawu omwewo popanda nyimbo. Palibe chinatuluka. Ndinagundanso phazi, nkuwaika m'nyimbo. Anatuluka. Ndinayang'ana mtsuko umene unali pakhomo, ndinagunda phazi, ndipo m'maimbidwe omwewo ndinaika liwu limene silinali la nyimboyo. Madzi. Linavuta, linatuluka lopunduka, koma linatuluka. Ndinayesa lina. Ng'ombe. Kenaka ndinayesa dzina la mkazi wanga. Limenelo linatuluka losapunduka, ndipo ndinalira monga sindinalirepo chimwalirire mayi anga.

Dresala anadzandiuza pambuyo pake kuti zimenezi zimachitika, kuti nyimbo ili ndi njira yakeyake m'mutu, yosiyana ndi ya kulankhula. Ine tsiku limenelo sindinkadziwa za bongo. Ndinkangodziwa za kumgodi, kuti paipi yaikulu ikaphulika sukhala pansi kulira, umafuna kapaipi ka m'mbali nkupititsa madzi mmenemo. Ndinali ndi mawu oyeretsa Nangondo amene munthu wina aliyense analibe, ndipo ndinali ndi nthawi mpaka akolole. Kufa ndinakuimika kaye.

Madzulo Nandau anabwera ndi msuzi wake. Ndinatseka pakamwa. Anakankha supuni, ine ndinaluma mano. Kenaka ndinagunda phazi nkumuimbira, "Mchere ayi, mchere ayi."

Anataya mbale nathawira panja. Ndinamumva akuuza anthu kuti, "Achimwene misala yayamba. Mkazi uja sanangowadula, wawazunguzanso mutu."

Apo ndinadziwa kuti kuimbira Nandau n'kutaya nthawi. Nkhani inayenera kukamveka pamaso pa mbali zonse ziwiri, Nangondo ali pomwepo.

Chimene ndinachita ndi ichi. Chilichonse cha mchere ndinkachilavula, mowa ndinkaukankha. Nandau atatopa nane anayamba kungondiponyera mbatata yootcha, maungu ndi nthochi, ndipo n'zimene ndinkafuna. Thupi linaphwa, msomali wa kunkhongo unayamba kuzuka. Pa nsanamira panali chingwe chomangira mbuzi. Ndinkachigwira ndi dzanja lamanzere nkudzikoka mpaka kuima, kugwa, kudzikokanso. Mawondo anang'ambika. Kenaka ndinayamba kuyenda chogwira khoma, mwendo wakufawo ndikuukoka. Kenaka ndodo. Ndipo tsiku lililonse anthu akapita kumunda ndinkakonza mawu anga, ochepa, omwewo omwewo, mpaka lilime linawazolowera. Ana a m'mudzi ankanditcha galamafoni. Ndinawasiya.

Atakolola, amalume anamanga ng'ombe pa ngolo yanga kuti atsikire kuchigwa ndi amuna awiri okakusa za lobola. Ndinadzikoka kuchoka pakhonde, ndinafika pa ngolo, ndinagwira thabwa osalisiya.

"Akufuna akaone ng'ombe zake zikutuluka," anatero amalume. "Mkwezeni. Ndi Mngoni ameneyu."

Ndinawasiya aganize choncho.

Tinafika kwa Filimoni dzuwa litapendeka. Pabwalo anali atayanika mpunga pa mphasa. Ng'ombe anali atazipatula kale, zili m'kakhola kapadera. Anthu anasonkhana, chifukwa kutha kwa ukwati kumakoka anthu kuposa kuyamba kwake. Nangondo anakhala patali pakati pa amayi, lichero lili pamiyendo. Anali ataonda. Sanandiyang'ane.

Amalume atayamba kuyala mawu a mwambo, ine ndinatsetsereka pa ngolo nkuima, dzanja lili pa thabwa. Ndinagunda phazi pansi. Onse anatembenuka. Ndinagundanso kuti ndipeze poyambira, ndipo ndinaimba m'maimbidwe a ngoma:

"Mchere analetsa dokotala. Ine ndinalipo. Ine ndinati usanene. Nangondo sanandidule."

Anyamata anaphulika nako kuseka. Amayi anabisa nkhope m'nsalu. Ganizani, nkhalamba ya pakamwa popotoka, dovu pachibwano, ikuimba ngoma pa mlandu wa ukwati, kwa anthu a kuchigwa amene ngoma saidziwa n'komwe. Manyazi amenewo sindidzawaiwala. Koma ndinali nditaima kale. Ndinabwereza. Ndinabwerezanso. Ndinabwereza mpaka kuseka kunatha, nkutsala phazi langa ndi mawu anga okha.

Amalume anati, "Musamumvere, mutu sukuyenda. Kumudzi akudziwa onse."

Filimoni anabwera pafupi nandiyang'ana m'maso. "Alamu, ngati mutu ukuyenda, ine ndine yani?"

Ameneyo sindinamukonzekere. Ndinagunda phazi nthawi yaitali, ndikufunafuna. Kenaka zinabwera.

"Filimoni. Wadazi. Mlesi."

Anthu anasekanso, koma kuseka kwina. Filimoni anadzisisita padazi pake. "Mutu ukuyenda," anatero. "Mwano ndi womwe uja." Anatembenukira kwa amalume. "Bambo, ndinakuuzani kuti tumizani munthu kuchipatala, munakana. Tsopano chipatala chabwera chokha pa ngolo yanu."

Amalume anayang'ana pansi. Pepani sananene, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangoti, "Ngati zili choncho, mkazi akwere tizipita."

Nangondo anaika lichero pansi. Anabwera, nagwada patsogolo panga monga mwa ulemu, koma mawu ake sanali ogwada.

"Ndamva, aNdau. Zikomo. Koma ine ndinkadziwa kale, si ine ndimafunika kumva. Kumtunda sindipitako. Ananditcha wachigololo pakhonde panga pomwe, ndili ndi imvi, manja akununkha zimene ndinkakuchapirani. Ndikapita, mawa ndiphikanso chopanda mchere, ndipo aziyang'ana kambale kaja nkumakodolana. Inu mudzawaimbira tsiku lililonse? Ngati mukundifuna, mphasa ilipo kuno."

Amalume anadzuka. "Mngoni wolowola sakhala mkamwini. Iwe Ndau, khola la bambo ako lili kumtunda. Manda a bambo ako ali kumtunda. Ukatsala kuno usayembekeze kuti wina akusungira kanthu."

Dzanja langa linali likadali pa thabwa la ngolo. Ndi dzanja limodzi lokha limene ndinali nalo, ndipo silikanatha kugwira zinthu ziwiri. Ndinasiya thabwa nkugwira phewa la Nangondo. Ngolo inabwerera kumtunda yopanda ng'ombe za lobola ndiponso yopanda mwini wake.

Ndakhala kuchigwa kuchokera tsiku limenelo. Kulankhula kunabwerera pang'onopang'ono, kuchokera m'nyimbo momwemo, mpaka mmene mukundimveramu. Ntchito yanga ndi kuingitsa mbalame mumpunga ndi kuluka zingwe ndi dzanja limodzi ndi mano. Ndimadya mpunga ndi masamba opanda mchere. Wina asakunamizeni kuti munthu amazolowera mpaka kumakoma. Sikukoma. Ndimadya chifukwa ndikufuna kudzuka mawa. Mowa sindinaulawenso. Mtima ukayamba kutentha ndimachoka pa anthu nkukakhala pa mzere wa munda mpaka uzizire, ndipo zimenezi ndizo zovuta kuposa mchere. Nyengo ikasintha Filimoni amandiperekeza kuchipatala akandimange lamba, ndipo sindichoka asanandiuze pamene muvi waima.

Inunso chitani chomwecho. Dokotala akakumangani lamba pamkono, kaya kumgodi kaya kuno, musavale malaya asanakuuzeni chimene waona. Mkono ndi wanu. Mutu wa kunkhongo musaupititse kwa wolumika, nyanga imakoka magazi a pakhungu, siifika kumene kuli vuto. Dzanja likachita dzanzi, lilime likalemera, ngakhale zithe pofika madzulo, musadikire lachiwiri. Ndipo akakuletsani mchere, musanong'oneze mkazi wanu yekha. Itanani alongo anu, amalume anu, ankhoswe onse, muwauze ndi pakamwa panu pakadali powongoka kuti kuyambira lero mchere pakhomo pano ukhala pambali, ndipo mwalamula ndinu. Mwambo wa mchere uli ndi maso, koma ulibe makutu. Umaona kambale, sufunsa chifukwa.

Mwina mukuyembekeza kuti nditsirize ndi kunena kuti zonse zinabwerera. Sizinabwerere. Mkazi wanga ndili naye, ndi moyo. Zina zonse ndiwerenge.

Dzanja limodzi. Theka la mwendo. Khola lonse la bambo anga, ndi ngolo yomwe, anagawana ine ndili moyo. Mlongo mmodzi, amene ali moyo koma sitipatsana moni. Malo anga a manda pambali pa bambo anga. Ndi dzina la Nangondo kumtunda, chifukwa amene anamva nyimbo yanga kuchokera kumeneko anali amuna atatu okha, ndipo palibe mmodzi anakaifotokoza. Mpaka lero akamamutchula amati mkazi uja anadula Ndau.